Pakamwa pa Bambo Vitu

Bua, Nkhotakota
8 Sepitembala 2024

Mchimwene wanga Lazaro,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mchesiko pamodzi ndi mlamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kuwotcha ngati Okutobala wafika. Kalatayi ndapatsira a Abdulhamid, asuweni athu, poti akubwera kumeneko ndi usipa Lachiwiri. Foni yanga imagwidwa ndi nyumba yonse, ndipo nkhani ndili nayoyi si yokuwa pamsewu uku ukusaka netiweki.

Bambo Vitu abwerako kuchipatala. Usasangalale, sanachire. Madokotala apeza chotupa m'mutu, akuti n'chosachotseka, ndiye iwo anapempha kuti adzafere kuno kuparishi, pakati pa anthu amene akhala nawo zaka makumi awiri ndi zitatu. Ukanawaona, Lazaro! Munthu uja ankati akakwera njinga yamoto matayala n'kumadandaula, lero ndikumamutembenuza pabedi ndi mkono umodzi. Koma nthabwala sizinathe. Tsiku lofika anandiyang'ana nati, "Talandira, wakalamba chonchi, ine ndangochokapo miyezi iwiri yokha?" A Shehe anabwera ndi bawo lawo lija, anasewera kawiri, ndipo akuti ngakhale akudwala kubera sanasiye.

Chimene chatiopsa ndi ichi. M'mawa amakhala bwinobwino, koma dzuwa likapendeka mutu umatentha, amayamba kulankhula osadziwa. Lachinayi anatchula dzina la mayi wina wa ku Nkhunga, kenaka nati, "Mbuzi ija unabweza?" Tinalimo anayi m'chipindamo, tonse tinamva. Ukudziwa wekha kuti m'makutu mwa Bambo aja munalowa machimo a dera lonse lino. Zaka zonsezi tinkagwada n'kumatula zathu tikudziwa kuti pakamwa pawo ndi potseka. Tsopano palibe akudya bwino, aliyense akuganiza za zake.

Amayi a m'miphakati tikusinthana kudwazika. Mlamu Asiyatu, mkazi wa msuweni wathu Swaleh, mng'ono wa a Abdulhamid, nayenso akubwera tsiku lililonse ndi phala la mpunga, ngakhale ndi Msilamu. Akuti sangaiwale m'mene Bambo anayendera gombe lonse masiku khumi ndi limodzi kufunafuna mwamuna wake atasowa, pamene ena anali atayamba kale kunena kuti wathawira ku Mozambiki ndi mkazi wina.

Bwera udzawaone akadazindikira anthu. Unakulira pa guwa lawo ukutumikira Misa, ndipo amakufunsa. Ukamabwera utenge sopo ndi shuga.

Ine mlongo wako,
Talandira

Mchesi, Lilongwe
12 Sepitembala 2024

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Tonse tili bwino, kupatula ine amene chiwerengereni sindinagwire ntchito yooneka. Dzulo ndadula thabwa la chitseko cha munthu kawiri konse molakwika.

Za matenda a Bambo zandipweteka kwambiri. Munthu ameneyo ndiye anandiphunzitsa kugwira macheka, ndipo bambo athu atamwalira ndi iye ananditcha mwana wake. Koma kubwera sindingathe panopa, ntchito yachuluka.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo musandifunse zambiri. Mlamu Asiyatu asamakhale m'chipinda cha Bambo dzuwa likapendeka. Phala azibwera nalo m'mawa, azisiya pakhomo, azipita. Pezani chifukwa chilichonse. Nenani kuti ndi lamulo la parishi, nenani kuti akatekisiti akana, zilizonse. Pali chimene ndinalapa kwa Bambo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Munthu wina aliyense atachimva ndingachite manyazi, koma atachimva Asiyatu ndiye kuti ine ndatha, ndipo mwina nanunso simudzakhalanso pa Bua.

Mundiuze msanga ngati dzina langa latuluka kale. Sopo ndi shuga ndapereka kwa a Abdulhamid.

Mchimwene wanu,
Lazaro

Bua, Nkhotakota
19 Sepitembala 2024

Iwe Lazaro,

Moni kwa onse. Sopo wafika, shuga wafika, mwini wake ndiye sanafike. Ntchito yachuluka! Zitseko za ku Mchesi zithawa ukachokapo masiku awiri?

Kalata yako yandiseketsa pang'ono. Zaka zisanu ndi zitatu, Asiyatu, kulapa. Ndawerengera ndekha, ndapeza yankho. Unkamufuna mlamu wako, eti? Mwamuna atangosowa iwe mtima unayamba dyokodyoko, n'chifukwa chake unathawira ku Lilongwe chaka chomwecho. Ngati ndi zimenezo tsitsa mtima, mwana wa amayi. Theka la amuna a pa Bua analapa tchimo lomwelo, mkazi uja anali wokongola.

Komabe ndinayesa zimene unanena. Ndinamuuza kuti masana azikapuma, ife tilipo. Anandiyang'ana nati, "Mlamu, mulipo angati?" Ndi zoona, tachepa. Tinayamba amayi khumi ndi asanu ndi mmodzi, tatsala asanu. Ena akuopa kumva dzina lawo pamaso pa anzawo. Ena, Mulungu awakhululukire, ankabwera makutu ali tcheru kudzatola za anzawo, ndipo akatekisiti awabweza.

Akatekisitiwo ndi amene anawauza Bambo za mbuzi ija. Ndinalipo m'mawa umenewo. Bambo sanalire atamva za chotupa, koma apa analira ngati mwana, mpaka ine ndinatuluka. Atatha anatiitana tonse odwazika. Anatulutsa sitola yawo, kansalu kaja amakoleka m'khosi polapitsa anthu, anaipinda kanayi, nati, "Ana anga, mutu wanga wandiukira. Ndikangoyamba kutchula maina, muzindiika iyi m'kamwa. Ndikakana, mundikakamize. Ndikakulumani, mundikhululukire. Zimene anthu anandisungitsa ndikufuna ndikapereke kwa Mwini wake zili zomangamanga."

Ndiye ndi m'mene tikuchitira. N'zoopsa kuziona, Lazaro. Munthu wamkulu, wansembe wa Mulungu, maso ali psuu, akulimbana ndi nsalu m'kamwa, mawu akungomveka kukhosi. Ine ndimachedwa. Amene sachedwa ndi Asiyatu yekha, ndiye ndimuchotse bwanji?

Unafunsa za dzina lako. Latuluka kamodzi, Lolemba. Anati "Lazaro, Lazaro," ngati akukuitana uli kutali, basi nsalu inalowa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ngati pali choposa chimene ndikuganizachi, undiuze, kapena ubwere wekha.

Mlongo wako,
Talandira

Mchesi, Lilongwe
24 Sepitembala 2024

Achemwali,

Ndikanakonda zikanakhala zimene mukuganizazo. Muwerenge muli nokha, mukatha muotche.

Tsiku limene Swaleh anasowa, pa 14 Epulo 2016, ine sindinagone malungo monga ndinanenera. Ndinali naye m'bwato. Tinapita m'mamawa pamathiriro a mtsinje wa Bua kukavuula matchera amene tinatchera mobisa, poti nsomba za mpasa zinali zikukwera mtsinje ndipo pamalopo panali poletsedwa. N'chifukwa chake sitinauze munthu. Ukonde unakodwa m'bango, Swaleh anatsika kuti akaukole, madzi akumulekeza m'chiuno. Ng'ona inamugwira mwendo.

Anagwira mlomo wa bwato ndi manja onse awiri. Anandiitana dzina. Ndinamugwira mkono, ndikulumbira, ndinamugwira, koma chinthucho chinkakoka, bwato linapendekeka, madzi anayamba kulowa. Ndinaona kuti tipita tonse. Achemwali, ndinatenga nkhafi ndi kumenya zala zake mpaka anasiya.

Nditafika kumtunda ndinakankhira bwato kunyanja kuti mphepo ilitenge, ndinadzera m'minda ya mpunga, ndinakalowa m'bulangeti. Anthu atapeza bwato kutali anakasaka kumene kunalibe munthu. Ine ndinasaka nawo. Pamene mphekesera ya ku Mozambiki inayamba, ndinakhala chete chifukwa inkandithandiza.

Patatha mwezi ndinakalapa. Bambo anali atatha masiku aja akuyenda gombe, mapazi akadali otupa. Sanandikalipire. Anati Mulungu amadziwa mantha a munthu amene akumira, koma bodza ndikulipitirizali likudya mkazi wamoyo ndi ana ake, ndipite ndikamuuze. Ndinavomera. Sabata yomweyo ndinakwera basi ya ku Lilongwe. Chichokereni sanandikumbutsepo ngakhale ndi diso, amangotumiza moni ndi kufunsa kuti ndibwera liti.

Mukudziwa m'mene a Abdulhamid ankamukondera mng'ono wawo. Mukudziwanso kuti mkazi wanga ndi ana sadziwa kanthu. Ndikuopa, achemwali. Ndikamva foni ya aliyense ikulira pa shedi yathu ya matabwa pano, ndimasiya macheka n'kumvetsera. Muchotseni Asiyatu m'chipindamo, ndakugwirani mwendo.

Lazaro

Mchesi, Lilongwe
3 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni. Kodi kalata yanga ya pa 24 munalandira? Ndinaimata ndi guluu wa matabwa, ndinapereka m'manja mwa a Abdulhamid, ndipo atangokwera lole m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndapatsa munthu mlandu wa m'bale wake kuti anyamule m'thumba. Sabata ino sanabwere kumsika. Anzawo akuti sakudziwa chifukwa chake. Iyi ndapatsira dalaivala wa minibasi. Ndiyankheni ngakhale mzere umodzi.

Lazaro

Bua, Nkhotakota
9 Okutobala 2024

Lazaro,

Makalata onse awiri afika. A Abdulhamid anadwala m'mimba, kalata inakhala m'thumba la mkanjo wawo masiku khumi. Akazi awo anaipeza pofuna kuchapa, ndipo ukudziwa anapatsira ndani kuti andibweretsere? Asiyatu. Anandipatsa ndi manja awiri pakhonde la Bambo, yomatamata, nati, "Ya achimwene anu, yalemera bwanji." Ndinakawerengera kuseri kwa tchalitchi.

Sindikudziwa ndikutche chiyani. Za nkhafi sindiweruza, sindinalowepo m'kamwa mwa ng'ona. Koma zaka zisanu ndi zitatu, Lazaro! Mkazi uja sanalire maliro, sanakhale eda monga amachitira akazi a Chisilamu mwamuna akamwalira, sanaphike sadaka. Amuna awiri anamufunsira, anakana, akuti sangakwatiwe mwamuna wake ali moyo kwina. Ana ake anakula akunyozedwa kusukulu kuti bambo awo anathawa ndi hule. Ine ndemwe ndinamuuzapo kuti aiwale, amuna ndi choncho. Ndikakumbuka mawu amenewo ndimafuna nthaka indimeze.

Kumuchotsa ndalephera, ndipo sindiyesanso. Tatsala atatu, ine, iye ndi mayi a katekisiti. Bambo afooka kwambiri. Nkhama zawo zatupa chifukwa cha nsalu ija, timaichapa magazi tsiku lililonse. Dzuwa likayamba kupendeka ine maso amakhala pa milomo yawo. Ndimakhala mbali ino ya bedi, Asiyatu mbali inayo, pakati pathu pali pakamwa pamene pali iwe. Dzulo anati, "Bua, pa Bua paja," ndipo ine ndinayamba kuimba nyimbo ya Maria mokuwa ngati wamisala. Asiyatu anaika nsalu, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndikuuze chimene wandichititsa. Lamlungu pa Misa anthu akupempherera Bambo kuti akhale nafe masiku ena, ine mumtima ndinapempha kuti Mulungu awatenge msanga. Munthu amene anandikwatitsa, amene anabatiza ana anga onse, amene ananyamula amayi pa njinga yake kupita nawo kuchipatala mvula ikugwa. Ndinawafunira imfa chifukwa cha iwe. Ndipo tchimo limeneli ndikalapa kwa yani?

Lolemba m'mawa anali bwino pang'ono. Ndinatsala nawo ndekha, ndinagwada, ndinati, "Bambo, Lazaro wandiuza zonse." Anandiyang'ana ngati sakumva Chichewa. Anati, "Zonse za chiyani, mwana wanga? Ine za Lazaro ndikudziwa kuti amakhoma mipando yopendama. Umuuze abwere, ndamusowa." Anaseka, nkhama zikutuluka magazi.

Bwera, Lazaro. Mlandu suola.

Talandira

Bua, Nkhotakota
22 Okutobala 2024

Mchimwene wanga,

Sunayankhe, sunabwere. Uthenga wa pa foni unaulandira, ndikudziwa, koma ndikulembera kuti umve bwino m'mene zinathera.

Bambo Vitu anatisiya Lachinayi pa 17, cha m'ma 3 koloko masana. Masiku atatu omaliza sankadya. Wansembe mnzawo anabwera kudzawadzoza mafuta Lachitatu, ndipo atatha anapempha kuti tiwatsegulire zenera amve ana akusewera mpira pabwalo la parishi. Tsiku lomaliza ine ndinapita kumjigo kukatunga madzi, mayi a katekisiti anali kukhitchini. M'chipinda munatsala Asiyatu yekha. Nditabwerera ndinamupeza atakhala pansi, akulira mwakachetechete, Bambo atapita, sitola ili m'kamwa. Tinavutika kuichotsa.

Maliro anali aakulu, sindinaonepo. Asodzi sanalowe m'madzi masiku awiri. Asilamu anadzaza mbali yonse ya kumpoto kwa bwalo, a Shehe analankhula mpaka mawu anawathera, akuti ataya mdani wawo wa pa bawo amene sadzapezekanso. Anthu analira zenizeni, koma ndikuuze zoona, pobwerera kumanda ndinaona nkhope zambiri zitapepukidwa. Yanganso inali imodzi mwa izo, ndipo ndikuchita nayo manyazi.

Ndiye wapulumuka. Asiyatu sananene kanthu, a Abdulhamid akundipatsa moni monga kale. Kalata yako ndinaotcha. Munthu uja anapita nazo zako zonse, anazilipirira ndi mano ake. Ugone tulo ngati ungathe.

Asiyatu wandipempha kuti ndiike kalata yake mu envulopu yomweyi. Sindinaiwerenge.

Mlongo wako,
Talandira

Bua
22 Okutobala 2024

Alamu a Lazaro,

Salamu zanga zikupezeni ndi banja lonse. Ine ndi ana tili bwino, alhamdulillah. Pepani ndi maliro a Bambo anu. Ndikuti anu, koma analinso anga.

Sindinakulemberenipo kalata, ndipo sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingonena mwachindunji.

Anthu akunditama kuti ndinadwazika Bambo chifukwa cha chikondi. Ndi zoona, koma si zonse. Mwamuna wanga atasowa, Bambo ankabwera kwathu kudzandilimbikitsa kuti tisaka mpaka timupeze. Patatha mwezi anasiya mawu amenewo. Ankabwerabe, ankabweretsa chimanga, koma za kusaka sanatchulenso. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akukhulupirira za ku Mozambiki. Anati, "Ine Swaleh ndinkamudziwa, sanali munthu wothawa ana ake." Anathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti mwina pali chimene anamva m'kanyumba kanu kolapira kaja. Choncho nditamva kuti ayamba kulankhula osadziwa, ndinaphika phala ndi kupita. Allah andikhululukire, ndinapita kukamvera.

Koma atatipempha za nsalu ija akulira, ndinavomera pamodzi ndi anzanga. Kwathu chinthu chosungitsidwa timachitcha amana, ndipo munthu wosunga amana sumuthyola dzanja. Tsiku lililonse ndinkati lero ndichedwetsa pang'ono, ndimve mawu awiri okha. Tsiku lililonse dzanja linkapita lokha.

Tsiku lomaliza ndinali ndekha. Anatsegula maso, anati, "Lazaro, bwato lija." Panalibe wondiona. Ndikanangokhala phee, ndikanamva zimene ndadikira zaka zisanu ndi zitatu. Koma maso awo anali pa ine, akuchita mantha ngati mwana, ndipo dzanja lawo linkafufuza nsalu pabedi. Ndinawapatsa. Anailuma, ndipo sanaisiyenso.

Ndiye kwa iwo sindinamve kanthu, musawaganizire zoipa. Zimene ndikudziwa ndaziona kwa inu eni. Munachoka chaka chomwecho. Simunabwere pa ukwati wa mwana wa achemwali anu. Munatuma achemwali anuwo kuti andichotse m'chipinda, ndipo iwo chilandireni kalata ija sakutha kundiyang'ana kumaso. Bambo amene anakulerani adwala miyezi yoposa itatu, amwalira, aikidwa, inu osaoneka.

Sindikufuna kukutengerani kupolisi kapena kwa a Abdulhamid. Sindikufunsa kuti zinayenda bwanji, mwina sindingathe kuzimva. Ndikuopa yankho lanu kuposa m'mene inu mukuopera funso langa, chifukwa m'mawa uliwonse ndimayang'anabe kunjira. Koma ndatopa, alamu. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa ikatha mvula, ndipo a Shehe akufunsa ngati bambo ake ali moyo kuti apereke chilolezo, kapena apereke a Abdulhamid.

Ndiuzeni chimodzi chokha. Kodi ndine mkazi wa munthu, kapena ndine wamasiye?

Mlamu wanu,
Asiyatu

Mchesi, Lilongwe
26 Okutobala 2024

Alamu a Asiyatu,

Ndinu amasiye.

Swaleh sanathawe, ndipo panalibe mkazi wina. Anamwalira pa 14 Epulo 2016 m'mawa, pamathiriro a Bua, pa bango la tsidya la kumwera. Inamugwira ng'ona. Ine ndinali naye m'bwato, ndinaona ndi maso anga. Auzeni ana, auzeni a Shehe, muchite zonse zimene munayenera kumuchitira kalekale.

Pali zina zimene simunafunse, ndipo ndi zoipa kuposa izi. Sindizilemba. Ndauza mkazi wanga dzulo, ndipo ndikwera basi Loweruka likubwerali. Ndidzayamba ndaima kumanda a Bambo, kenaka ndidzafika kwanu dzuwa lisanapendeke. Muwaitane a Abdulhamid adzakhalepo, ndi achemwali anga.

Ndikuopa kwambiri, alamu. Ngati mudzaone kuti ndaima panjira osalowa, mudzatume munthu adzandigwire dzanja.

Lazaro